A Peji, Katswiri Wotembenuza Tsamba

Mukanawaona a Peji m'mawa akutsika basi pageti la yunivesite, jekete lakuda lotuwa m'mapewa, chibokosi chachitali chili kumsana, mukanati ndi munthu wokonza makina osokera. Alonda a pageti ankawafunsa mwanthabwala ngati m'bokosimo muli mfuti. Munali viyola. Ndipo chonde musati vayolini, chifukwa mawu amenewo ndi amene ankawadwalitsa mutu bambowa. Viyola ndi mkulu wake wa vayolini. Zonse amazigoneka paphewa n'kumakwecha zingwe zake ndi uta, koma viyola ndi yokulirapo, ndipo mawu ake ndi apakatikati, osakwera moti anthu n'kucheuka, osatsika moti chifuwa n'kunjenjemera. M'gulu la oimba, viyola ili ngati mchere m'ndiwo. Ikasowa mumadandaula, ikakhalapo palibe amaitchula.

Palibe mwana amene amalota zodzaimba viyola, ndipo a Peji nawo sanalote. Tsiku limene aphunzitsi a nyimbo ankagawa zoimbira kusekondale, iwo anachedwa chifukwa inali sabata yawo yosesa m'kalasi. Pofika anapeza mavayolini onse atatha. Aphunzitsi anasuzumira m'kabati, n'kutulutsa chimene chinatsala, n'kunena kuti, "Tenga ichi, uli ndi mikono yaitali." Ntchito ya moyo wawo wonse inayambira pomwepo, pa tsache ndi kutalika kwa mikono.

Koma anaikonda, zoona zake. Anaiphunzira mpaka zala zinachita zikang'a, mpaka pansi pa chibwano panada bii. Atamaliza maphunziro analowa m'gulu la okesitira la mumzinda, gulu lalikulu lija la anthu ovala zakuda amene amaimba zoimbira zosiyanasiyana atakhala pamipando. Sipanapite nthawi, yunivesite inawatenganso kuti aziphunzitsa zoimbira za zingwe. Mayi awo, amene anawalera okha ndi ntchito yotayipa makalata mu ofesi ya maloya, anauza mzere wonse wa nyumba kuti mwana wawo ali ndi ntchito ziwiri.

Tsono mu okesitira muli lamulo limodzi limene omvera salidziwa. Oimba zingwe amakhala awiriawiri, ndipo awiriwo amawerenga buku limodzi la nyimbo loimikidwa pa kachitsulo patsogolo pawo. Tsamba likatha, nyimbo siimira munthu. Choncho amene wakhala kunja, mbali ya omvera, amapitiriza kuimba, pamene wamkati amatsitsa uta, n'kutambasula dzanja, n'kutembenuza tsamba. Wakunja ndiye wamkulu, wamkati ndi wamng'ono.

Tsiku loyamba, a Peji anawakhazika mkati, pamzere wakumbuyo kwenikweni. Anthu akamapuma ntchito ndi kumwalira, iwo ankasendera kutsogolo, mzere ndi mzere, koma tsoka lake nthawi zonse mpando wotseguka unkakhala wamkati. Anasendera choncho mpaka anafika pamzere woyamba, pambali pa mkulu wa aviyola onse, bambo amene anzake ankamutcha a Chikhalire chifukwa mpando umenewo anaukhalira ngati anabadwa nawo. Munthu ameneyu sankadwala ngakhale chimfine. Anthu anayamba kunena kuti watsala pang'ono kupuma ntchito a Peji asanamere imvi ndi imodzi yomwe. A Peji anamera imvi mutu wonse, mkuluyo ali gwa.

Ndiye kutembenuza tsambako, abale inu, anakudziwa! Ena amachita kunyambita chala, ena amatembenuza masamba awiri, ena amagwetsa buku lonse. A Peji ayi. Dzanja lawo linkachoka pa nthawi yake, osafulumira, osachedwa, ndipo tsamba linkagona lokha popanda ngakhale kaphokoso. Alendo otsogolera nyimbo ochokera kutali ankati akamaliza konsati, n'kubwera kudzawagwira chanza, amvekere, "Bambo, sindinaonepo munthu wotembenuza tsamba chonchi." Za kaimbidwe kawo palibe anatchulapo. Dzina loti a Peji, kutanthauza tsamba pa Chingerezi, linachokera pamenepo, ndipo linakakamira mpaka ana asukulu ankalilemba pamwamba pa mayeso.

Kuyunivesite zinthu sizinasiyane kwenikweni. Dipatimenti ya nyimbo anaiika kuseri, pakati pa shedi ya akalipentala ndi khitchini ya ana ogonera. Ofesi ya a Peji kale inali yosungiramo zokolopera, ndipo fungo la sopo silinachokemo. Ophunzira awo ambiri anali amene anakanidwa ku zamalamulo ndi ku zaudokotala, ndipo ankagwira uta ngati akudula matabwa. Aphunzitsi a zowerengera ndalama, amene mawindo awo anayang'anizana ndi chipinda chophunzirira, anadandaula kwa akuluakulu kuti kuseriko wina akupsinja mphaka ndi chitseko tsiku ndi tsiku. A Peji ankangozungulira m'chipindamo, kukweza chigongono cha uyu, kuwongola dzanja la uyo, mpaka mphaka uja pang'onopang'ono n'kusanduka nyimbo. Pa kuphunzitsa pokha, tisawanamizire, anali mphunzitsi weniweni.

Koma yunivesite siikweza munthu chifukwa chophunzitsa. Nthawi iliyonse akapita pamaso pa komiti yokweza anthu, funso linali lomwelo.

"Mwalembapo chiyani, bambo?" wapampando wa komiti ankafunsa.

"Ndaimba m'makonsati ambirimbiri, bwana."

"Chabwino. Nanga kuimbako kunasindikizidwa m'magazini iti?"

A Peji ankatulukamo osakwezedwa. Mnzawo wina wa m'dipatimenti momwemo, munthu woti sanakhudzepo chingwe cha choimbira chilichonse, analemba nkhani zitalizitali zofotokoza kufunika kwa chete mu nyimbo, ndipo anamupatsa upulofesa asanachite dazi. Akuluakulu ankawakumbukira a Peji kamodzi pachaka, pa mwambo wopereka madigiri, kuti abwere ndi ana awo adzaimbe pamene mabwana akulowa atavala mikanjo. Bwana womaliza akangokhala pansi, wina ankakweza dzanja kuti nyimbo ithe, kaya ili pakati.

Zonsezi a Peji ankazimeza. Chimene chinkawakanika kumeza chinali cha mayi awo.

Mayiwo, atapuma ntchito, ankakhala ndi mchemwali wawo wa a Peji mbali ina ya mzinda, ndipo konsati iliyonse yaikulu ankabwera, atavala diresi la maluwa, kachikwama pamiyendo. Anali mayi a pakamwa pakuthwa, ndipo padziko lonse ndi iwo okha amene ankawatchula a Peji kuti iwe.

"Iwe, pa chiphokoso chonse chija, mawu ako ndi ati?" ankafunsa konsati ikatha.

"Ali m'kati momwemo, amayi."

"M'kati mwa chiyani? Ine ndimangoona ukugwedeza chigongono, kenako wasiya, wamutsegulira mnzako buku. Ine ndinathyoka msana pa tayipi kuti iwe uzikatsegulira mwamuna mnzako buku? Zaka zonsezi ndakuona, koma sindinakumvepo. Tadzabwera nacho chinthucho kunyumba, udzandiimbire ndekha."

"Amayi, nyimbo zimenezi si za m'khitchini, pafupi ndi mapoto. Zimafuna holo. Tsiku langa likubwera, mudzandimva ndekha holo yonse ili chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndipo Lamlungu lililonse ankapita kukawaona chimanjamanja, viyola ataisiya mu ofesi. Kunyada kwa munthu amene wanyozedwa nthawi yaitali n'koopsa, ndikuuzani. A Peji sankafuna kuti mayi awo angowamva chabe. Ankafuna kuti awamve anthu ena onse akumvera nawo, kuti mayiwo acheukire woyandikana naye n'kunena kuti, ameneyo ndi wanga.

Nkhono isanatulutse maso, makutu a mayi aja anayamba kutha. Poyamba wailesi inkalira mpaka anthu oyandikana nawo nyumba kudandaula. Kenako munthu ankayenera kuwayang'ana kumaso ndi kukuwa kuti amve. Adokotala anawapatsa kamakina koika m'khutu, kamene kankangolira mluzu, ndipo ananena mosabisa kuti kumva kumene kwatsalako sikukhalitsa. Mchemwali uja anawakokera a Peji pakhonde.

"Achimwene, zengerezu adalinda kwawukwawu. Amayi makutu akupita. Tangowaimbirani."

"Ndamva, achemwali," anatero a Peji, koma sanabwere nayo. Chaka chimenecho ndi chomwe ankayenera kupuma ntchito zonse ziwiri, ndipo mumtima anali ndi mantha enieni, oti mayi awo adzagontha asanamumvepo mwana wawo.

Ndiyeno, kutatsala milungu yochepa kuti konsati yomaliza ya chaka ichitike, a Chikhalire anaponda sopo m'bafa n'kuthyoka dzanja. A Peji anapita kukawazonda atanyamula malalanje, nkhope ili yachisoni, mtima ukuvina. Anachita nazo manyazi, koma mtima sunasiye kuvina. Pa nyimbo yaikulu ya konsatiyo panali malo ena pakati pamene gulu lonse limatsitsa mawu, viyola imodzi yokha n'kuimba kanyimbo kake. Kanali kakafupi, kotha msanga kuposa kumwa kapu ya madzi, koma kokoma kwabasi. A Peji anali atakamva kambirimbiri pafupi ndi khutu lawo. Kanyimboko kankayambira pamwamba pa tsamba latsopano, choncho nthawi zonse iwo ankatembenuza tsamba, n'kuimika viyola pabondo, n'kuweramitsa mutu mwaulemu, a Chikhalire n'kuyamba.

Wotsogolera gulu, amene oimba ankamutcha a Kamtengo chifukwa cha kandodo kamene ankagwedeza, anawaitana a Peji.

"Mukhala kunja. Kanyimbo kaja ndi kanu. Mukakwanitsa?"

"Bwana, ngakhale mutandidzutsa kutulo."

Lamlungu limenelo anathamangira kwa mayi awo, n'kuwakuwira m'khutu kuti kondakitala wawapatsa mpando wakutsogolo.

"Kondakitala wa basi iti?"

"Wa nyimbo, amayi! Ndiimba ndekha! Holo yonse chete, ine ndekha!"

Mayi aja anauza mwana wawo wamkazi kuti akatenge diresi la maluwa alichape.

Pampando wamkati anakhazikapo mayi wina amene a Peji anamuphunzitsa okha zaka zapitazo, tsopano mayi wa ana awiri. Pokonzekera zonse zinayenda bwino. Gulu linkagwiritsa ntchito mapepala a fotokope, ndipo a Peji anamata awo ndi selotepi kuti atambasuke chitalitali, kanyimbo kaja n'kumaoneka popanda kutembenuza kanthu. Anakaimba mokoma moti oimba zitoliro kumbuyo anagogoda pansi ndi mapazi, umene ndi ulemu waukulu pakati pa anthu amenewa. Ngakhale a Kamtengo anakweza nsidze.

Koma tsoka silinunkha. Tsiku la konsati, Lamlungu masana, kunamveka kuti mkulu wa yunivesite abwera ndi alendo ake. Wosunga mabuku a gulu anaona kuti mapepala omatamata ndi ochititsa manyazi pamaso pa mabwana, choncho anawachotsa onse n'kuikapo mabuku enieni, a zikuto zolimba, omwe aja a zaka zonse.

A Peji analowa, n'kukhala kunja kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. Kunjako kumazizira, anthu inu, chifukwa palibe phewa la munthu lokubisa. Pamzere woyamba wa omvera anaona diresi la maluwa, kamakina kali m'khutu, ndi mchemwali wawo pambali. Awiriwo anali atapangana kuti nthawi ikakwana, mwana adzawatsina mayi pamkono.

Nyimbo inayamba. Mavayolini analira, zitoliro zinayankha, ng'oma zinagunda, ndipo mantha a a Peji anayamba kusungunuka. Buku linali lomwe lija, fungo lake lomwe lija, ngakhale kadontho ka tiyi pakona ya tsamba kanali pomwepo. Thupi lawo linamva kuti lafika kwawo. Gulu linayamba kutsitsa mawu, pang'onopang'ono, maso a a Peji n'kufika pamzere womaliza wa tsamba.

Mayi wamkati uja anatsitsa uta kuti atembenuze, monga mwa lamulo. Anachedwa. Angapikisane ndi a Peji ndani? Dzanja lawo linali litachoka kale, ladutsa pamwamba pa la mayiyo, lagwira kona, ndipo tsamba linagona mwaulemu popanda kaphokoso. Kunali kutembenuza kokongola kuposa konse kumene anachitapo. Kenako anaimika viyola pabondo, n'kuweramitsa mutu, n'kumadikira.

Holo yonse zii.

A Kamtengo anali ataloza kandodo kawo kwa aviyola, pakamwa pali yasa. Pamzere woyamba, mchemwali uja anatsina mayi ake pamkono, mayiwo n'kusendera kutsogolo, dzanja lili kukhutu, maso atatsinzina kuti amve bwino. A Peji, mutu uli pansi, anaganiza mumtima kuti, koma mkuluyu lero wachedwa kulowa, ukalamba ndithu. Anamumvera ngakhale chisoni.

"Aphunzitsi!" ananong'ona mayi wamkati uja. "Ndi inu!"

A Peji anadzutsa mutu. Anayang'ana mbali imene a Chikhalire ankakhala, n'kupeza kuti kulibe munthu, kuli omvera okhaokha akuwayang'ana. Anakweza viyola mwaphuma, chibwano chinaipeza, uta unafika pa chingwe, koma kapu ya madzi ija inali itamwedwa kale. A Kamtengo anatsitsa kandodo, gulu lonse linalowa ndi mphamvu, ndipo a Peji analowa nawo limodzi, m'kati momwemo, mmene ankakhalira masiku onse.

Pomaliza anthu anaomba m'manja mpaka kuimirira. Omvera ambiri sadziwa nyimbo zimenezi, amangoona kuti oimba avala bwino. Kuseri kwa siteji oimba anzawo ankapukuta zoimbira zawo mosamala kwambiri kuti asakumane nawo maso. A Kamtengo anadutsa, n'kuima pang'ono.

"A Peji," anatero, "tsamba lija munalitembenuza bwino zedi."

Pakhomo la holo anakumana ndi pulofesa uja wa za chete, ali ndi mkulu wa yunivesite. Pulofesayo anawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Achimwene, chete uja! Ndalemba za iye moyo wanga wonse, koma lero ndamumva ndi makutu anga. Kulimba mtima kotani! Ndimawafotokozera abwana pano kuti zimenezi ndi zimene dipatimenti yathu ikufufuza."

Mkulu wa yunivesite anagwedeza mutu mwanzeru, n'kunena kuti n'zomvetsa chisoni kuti munthu waluso chonchi akupuma asanakwezedwe, komiti inkagona kuti?

A Peji sanamve n'komwe. Maso awo anali pa benchi ya pafupi ndi khomo, pamene mayi awo anakhala, kamakina kali m'manja, misozi ikutsika. Chibadwire anali asanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a bambo awo.

"Mwana wanga, undikhululukire," anatero mayiwo mokweza, monga amayankhulira anthu osamva. "Mchemwali wako wanditsina, ine ndatchera khutu, ndatsinzina, ndayesetsa ndithu. Osamva kanthu. Ngakhale pang'ono. Makutuwa andithera pa tsiku lako lenileni. Iwe wadikira zaka zonsezi, ine n'kukubwezera zotere."

Mchemwali uja anawayang'ana a Peji osaphethira. Iwo anatsegula pakamwa, koma pakhomopo panali podzaza anthu, ndipo kuti mayiwo amve panafunika kukuwa. Anangowagwira dzanja n'kuwaperekeza ku basi.

M'mawa mwake sanapite ku yunivesite. Anakwera basi ya mbali ina ya mzinda, chibokosi chili kumsana. Anapeza mayi awo ali m'khitchini, akusankha nyemba m'beseni, mapoto a dzulo ali mu sinki. Mchemwali wawo atangoona bokosilo anazimitsa wailesi n'kuima pakhomo.

A Peji anagwada pafupi ndi mpando, n'kukuwa. "Amayi, dzulo sindinaimbe! Si makutu anu! Ndine amene sindinaimbe!"

"Usandinamize pofuna kundisangalatsa, iwe. Ukanakhala kuti sunaimbe, anthu onse aja amaombera m'manja chiyani?"

"Ndabwera nayo, amayi! Ndikuimbirani pompano!"

Mayi aja anayang'ana bokosilo, n'kuika beseni pansi. Anapukuta manja pa epuloni, anatuma mwana wawo wamkazi kukatenga kamakina kaja, anakaika m'khutu, n'kukhala mowongoka, manja pamiyendo, ngati ali m'holo.

A Peji anaimirira pakati pa firiji ndi sinki. Anapotokola tizikhomo ta viyola pang'ono, kukwecha chingwe ichi ndi icho kuti mawu agwirizane, monga amachitira woimba aliyense asanayambe. Kenako anapuma mpweya, n'kuyamba kanyimbo kaja.

Anakaimba, abale. Zonse zimene anasunga kuyambira tsiku la tsache lija zinatulukira m'zingwe zinayi zimenezo. Mawu ake anali ofunda, odekha, achisoni pang'ono, ndipo anadzaza kakhitchiniko mpaka magalasi a m'kabati ankanjenjemera. Mchemwali wawo anagwira pakamwa ndi nsalu yopukutira mbale. A Chikhalire pa zaka zawo zonse sanakaimbepo choncho. Mawu omaliza atazimirira, a Peji anasiya uta uli m'mwamba, maso ali kwa mayi awo.

Mayiwo anali chikhalire mowongoka, akumwetulira moleza mtima, maso ali pa dzanja la mwana wawo.

"Usafulumire, mwana wanga, konza bwinobwino zingwezo," anatero. "Ukamaliza kukonzako undiuze, ndiyambe kumvetsera."

Mchemwali uja anatembenukira kukhoma. A Peji anawerama kufikira pakhutu la mayi awo.

"Ndatsala pang'ono, amayi!" anakuwa.

Anabwezera viyola pansi pa chibwano, n'kusendera pafupi mpaka bondo lawo linagunda mpando wa mayiwo, n'kuyambiranso.